Batani Lakuda M'chitini cha Mabisiketi

Batani lakuda lija ndinkaponya ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ndisathawe, chifukwa ndimadzidziwa: nditati ndiyambe ndi nkhani ya mvula kapena ya penti wa pakhoma, kope likhoza kutha ndisanafike pa chimene ndinalitsegulira. Kwa mwezi wathunthu sindinauze munthu, ngakhale chidole chovala jekete chimene chimaima pakona ya shopu yathu, chomwe ndimachiuza zambiri chifukwa chilibe mutu. Malume ndi amene akuti ndilembe zonse. Akuti mbiri ya dziko isamalembedwe ndi boma lokha.

Kwathu amanditcha Phee. Dzinali linabwera ndili wamng'ono, chifukwa alendo akafika ankafunsa kuti mwana winayo ali kuti, chonsecho ine ndili pomwepo, pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, ndili phee. Chaka chino ndamaliza sekondale, ndipo podikira zotsatira za mayeso ndimagwira ntchito m'shopu ya bambo. Bambo ndi telala. Shopuyo ili ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo muli kauntala, galasi lalitali, benchi la makasitomala ndi katani yoyeserako zovala. Chakumbuyo muli makina awiri osokera, tebulo lija, malo ositira, ndi kampando kanga pafupi ndi zenera loyang'ana kukhoma la oyandikana nawo. Ntchito yanga ndi kulemba mzere ndi choko, kupinda mipendero, kusokerera mabatani ndi kudula timaulusi totsalira. Ndimaikonda ntchitoyi chifukwa mpendero sufunsa kuti wadzuka bwanji.

Kutsogolo kunali kwa achemwali anga, amene tonse timawatcha a Loya. Iwo amatha kuuza kasitomala kuti m'chiuno mwake mwawonjezekera mainchesi atatu, kasitomalayo n'kutuluka akuseka ngati wauzidwa kuti wakwezedwa pantchito. Koma a Loya anapeza malo ku koleji ndipo ankayembekezeka kunyamuka mwezi wotsatira. Funso linali lakuti pa kauntala akhalapo ndani.

M'nyumba zina bambo akanangoloza chala, nkhani n'kutha. Kwathu ayi. Bambo ali mnyamata anaphunzira ntchito kwa telala wina amene ankalamula ngakhale nthawi yotsokomola, ndipo analumbira kuti akadzatsegula shopu yawo idzayendera demokalase. Choncho Loweruka lililonse, tikatseka chitseko masana, pamakhala Nyumba ya Malamulo. Aphungu tilipo asanu: bambo, mayi, a Loya, malume ndi ine. Sipikala ndi bambo, ndipo amagogoda tebulo ndi sizasi yaikulu. Tikakambirana, aliyense amapatsidwa mabatani awiri, loyera ndi lakuda. Umalowa wekha kuseri kwa katani n'kuponya limodzi m'chitini cha mabisiketi chimene bambo anachiboola pachivundikiro. Loyera ndi inde, lakuda ndi ayi. Lotsalalo umaponya m'botolo lalikulu la mabatani osakanikirana, momwe ngakhale wapolisi sangalipeze.

Lamulo lalikulu ndi ili: nkhani imadutsa pokhapokha mabatani onse atakhala oyera. Likapezeka lakuda limodzi lokha, nkhaniyo imagona mpaka Loweruka linalo, ndipo sabata yonseyo timanyengererana. Nkhani ya wailesi, yoti izikhala pa nkhani m'mawa ndi pa nyimbo masana, inatenga Maloweruka asanu ndi awiri.

Aliyense ali ndi maganizo ake pa lamuloli. Bambo amati ochuluka akangopambana, wogonjayo amasunga chakukhosi, ndipo munthu wachakukhosi amasoka mzere wokhota. Ndiye bola kukambirana mpaka onse amvane. A Loya amati zimenezo n'zachibwana, chifukwa munthu mmodzi akhoza kumanga anthu anayi miyendo. Atatu akavomera, awiriwo azimeza malovu. Mayi, amene amadula nsalu, amati ife tizivota mmene tingafunire, koma tidziwe kuti nsalu ikadulidwa yadulidwa, ndipo wogwira sizasi ndi iwo.

Malume ndi mlongo wawo wa mayi, wamng'ono, ndipo ntchito yawo ndi kusita. Timawatcha a Koma, chifukwa chiganizo chawo chilichonse chimayamba ndi liwu limeneli. Ukati kunja kwatentha, iwo amati koma dzulo. Iwo amakhulupirira kuti kumvana kwa anthu onse kulibe. Pamene anthu asanu akuti amvana, ndiye kuti mmodzi watopa kapena waopa. Amati nyumba yopanda mkangano ndi ya zidole. Bambo akatchula chimvano cha mavu, malume amayankha kuti n'chifukwa chake mavuwo onse anaonda pamimba, panalibe ndi mmodzi yemwe wonena kuti anzanga tiyeni tidye kaye.

Zonsezi tinaphunzira kusukulu: chipani cholamula, chipani chotsutsa, ufulu wolankhula. Ndinakhoza bwino mayeso ake. Koma buku lathu silinanene kuti zimakhala bwanji phungu akakhala wamanyazi.

Loweruka loyamba bambo anagogoda sizasi n'kupereka ganizo lakuti a Loya akachoka, ine ndipite pa kauntala. Anati ndine wophunzira, ndimalemba manambala ooneka bwino, ndipo nthawi yakwana yoti anthu adziwe kuti ali ndi ana awiri. Mtima wanga unayamba kuthamanga ngati makina osokera opondedwa ndi munthu wokwiya. Ine pa kauntala? Tsiku lina a Loya atatuluka pang'ono, kasitomala analowa, ine n'kumulonjera kuti apite bwino. Anapitadi, ndipo sanabwerenso.

Malume anaimirira n'kunena kuti koma kauntala imafuna munthu wodziwa kucheza, ndipo munthu woteroyo ali m'chipinda momwemo, wavala malaya a mizeremizere. Anali iwo. Mayi anawayankha kuti malumewo akakhala kutsogolo, kasitomala wobwera kudzafupikitsa thalauza adzatuluka dzuwa litapendeka, thalauza lili momwemo, atangotsutsidwa pa chilichonse kuyambira dzina lake. Anakangana kwa mphindi makumi awiri. Kenako bambo anatembenukira kwa ine.

“Nanga mwini wake? Phee, ukuti bwanji?”

“Chilichonse,” ndinatero, maso ali pa zala zanga.

Bambo anamwetulira n'kunena kuti phungu wavomera. Pakamwa panga ndi pamene panandipereka. Koma kuseri kwa katani kunalibe maso a munthu. Ndinaima pamenepo, batani lina m'dzanja ili, lina m'dzanja ili, ndikumva fungo la nsalu zatsopano. Sindinaganize nthawi yaitali. Dzanja lamanzere linangotambasuka lokha, ndipo ndinamva kuti kete m'chitini. Akuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ine ndinaiviika m'chitini cha mabisiketi.

Wotsegula chitini amakhala malume, chifukwa anapambana mkangano wakale woti mavoti aziwerengedwa ndi otsutsa. Anakhuthulira mabataniwo patebulo. Oyera anayi, lakuda limodzi. Malume anatola lakudalo, analitembenuza, analipukuta ndi chala chachikulu, n'kuyang'ana kudenga. Maso onse anali pa iwo. Iwo anangomwetulira ngati munthu wovekedwa suti ya wina, koma yomukwana bwino.

Sabata imeneyo bambo anachita kampeni. Anagulira malume nsalu yatsopano yoyala pa tebulo lositira. Anawapatsa mpando wokhala ndi khushoni, umene malume anakhala akuupempha kwa zaka ziwiri. Lachinayi anagwirizana kuti ine ndizikhala pa kauntala masiku onse, koma Lachitatu masana pazikhala malume, acheze ndi anthu mtima ukhale pansi. Anagwirana chanza pamaso pathu. Bambo ananyadira kwambiri, n'kuuza a Loya kuti aone mmene kukambirana kumagwirira ntchito, zimene ku koleji sakawaphunzitsa.

Loweruka lachiwiri: oyera anayi, lakuda limodzi.

Bambo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Batani linali lakudabe. Anafunsa malume ngati chanza chija chinali cha munthu kapena cha chidole. Malume, akupukuta batanilo ndi chala, anayankha kuti koma voti ndi yachinsinsi, ndipo Sipikala wofunsa phungu mmene wavotera akuphwanya malamulo amene analemba yekha.

Ine ndinali pa kampando kanga, ndikusokerera batani pa malaya amene anali kale ndi mabatani okwanira.

Sabata yachitatu bambo anawonjezera Lachisanu m'mawa. Anawonjezeranso kuti dzina la malume lilembedwe pachikwangwani, m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono: kusita mwaluso. Malume anatsutsa kukula kwa zilembozo, anakambirana, anamvana pa inchesi imodzi ndi theka. Ndinkaona zonsezi ndili pa kampando kanga. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti Loweruka likubwerali ndiponya loyera, zithe. Koma Loweruka lachitatu nditalowa kuseri kwa katani ndinaona kauntala kudzera pa kampata, ndinaganiza za anthu olowa ndi mafunso awo, za kukweza mawu pofunsa munthu wamkulu kuti akweze manja ndimuyeze, ndipo dzanja lamanzere linachitanso zake.

Kuyambira tsiku limenelo bambo ndi malume anasiya kulankhulana. Chipinda chakumbuyo n'chaching'ono. Bambo akatambasula mkono akhoza kukhudza simbi ya malume. Komabe uthenga uliwonse unkadzera mwa ine. Bambo ankati ndiuze malume anga kuti kolala ya bwana wa basi aisita ngati akuilanga. Ine ndinkatembenuka n'kunong'ona kuti bambo akuti kolalayo ikufunika madzi pang'ono. Malume ankati ndiuze a Sipikala kuti kolala yosokedwa mokhota ngakhale mngelo sangaiwongole. Ine ndinkati malume akuti ayesetsa. Onse awiri ankamva mawu enieniwo, ndipo onse awiri ankandiyamikira kuti ndine mwana wa mtendere. Palibe chinkandiwawa ngati chimenecho.

Loweruka lachinayi a Loya anabwera ndi pepala. Anati nthawi yawo yonyamuka yayandikira ndipo sangasiye dziko lili pa chipwirikiti. Ganizo lawo linali lakuti malume alandidwe mabatani kwa miyezi itatu chifukwa chogwiritsa ntchito udindo molakwika. Malume anati koma ganizo limenelo likufunikanso batani lawo loyera kuti lidutse. A Loya anayankha kuti woimbidwa mlandu saweruza nawo, ndipo anawerenga zimenezi papepala lija ngati kuti sanalembe okha m'mawa womwewo. Malume anatulutsidwa kukakhala pa benchi la makasitomala. Popita ananyamula khushoni yawo, n'kunena kuti akupita kudziko lachilendo ngati othawa nkhanza, ndipo mbiri idzawakumbukira.

Tinatsala anayi. Ulendo uno sindinavutike n'komwe. Kuwalanda malume batani chifukwa cha mlandu wanga sindikanatha. Ndinaponya lakuda ndi manja onse awiri.

Anakhuthula ndi a Loya, mwachangu, akumwetulira kale. Oyera atatu, lakuda limodzi.

Ku benchi kunamveka kuseka kwa malume, kuseka kwa munthu amene wamva uthenga wabwino ali kutali ndi kwawo. Bambo anayang'ana a Loya, koma ganizo linali la a Loya omwe. Ndiye anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mayi.

“Amake Loya, magazi ndi magazi, eti?”

Mayi anaika tepi yoyezera patebulo. Anati iwo aponya loyera, ndipo akanapatsidwa mabatani khumi akanaponya onse oyera, chifukwa akhala akufuna kumutseka pakamwa mlongo wawoyo kuyambira tsiku limene anaphunzira kulankhula. Anati mwina wakuda mtima ndi Sipikala mwini, amene amaopa kuti mlamu wake akakhala chete sadzakhalanso ndi womunyengerera. Bambo anati zimenezo n'zamwano. A Loya anati zonsezi sizikanachitika tikanatsata ochuluka. Malume anakuwa kuchokera kudziko lachilendo kuti tsopano Nyumba yayamba kugwira ntchito.

Palibe anandiyang'ana. Ndinaima pafupi ndi chidole, ndipo maso a anthu ankadutsa pa ine ndi pa chidolecho mofanana. Poyamba ndinapuma. Kenako, ndisaname, ndinakhumudwa pang'ono. Anakayikirana onse, mwamuna ndi mkazi wake, koma palibe anaganiza kuti Phee angakhale ndi ayi m'mimba mwake.

Bambo anagogoda sizasi katatu. Anati ayesa demokalase kwa zaka khumi ndi zisanu ndipo yawabwezera chipongwe. Anatola chitini, anakwera pa mpando, n'kuchiika pamwamba pa kabati pamene timasunga nsalu zotsalira zosafunika. Atatsika analengeza kuti Nyumba yatsekedwa ndipo kuyambira tsopano alamula okha. Lamulo loyamba: Lolemba Phee ayambe kuphunzira kauntala. Lamulo lachiwiri: alamu amalize ntchito Lachisanu, akafune kosita kwina, chifukwa shopu imodzi singakhale ndi maboma awiri, ndipo chisokonezo chonsechi chinayamba ndi iwo.

Kuseka kwa ku benchi kunasiya.

Choncho ndinaluza mbali zonse. Kauntala ndinapitabe, ndipo malume ankachoka chifukwa cha ine.

Bambo sadziwa kulamula mwankhanza. Lolemba anauza mayi kuti ayambe kudula diresi la mphunzitsi, kenako anawonjezera kuti kapena inu mukuona bwanji, n'kukumbukira, n'kutsokomola. Mayi ankangodula nsalu mokweza. Sindinkadziwa kuti sizasi imatha kutukwana. Wailesi inakhala pa nkhani tsiku lonse chifukwa panalibe woisintha. Ngakhale a Loya, amene anapambana, ankaoneka ngati munthu amene wapempha mvula n'kugwetsedwa denga.

Ine ndinali kutsogolo, a Loya ali pambali panga ngati mphunzitsi wa galimoto. Ankandiuza kuti ndizimwetulira, ndizifunsa za ana, ndizinena kuti mtundu wa nsaluyo ukugwirizana ndi khungu. Ndinauza bambo wina wonyamula nsalu ya makatani kuti ikugwirizana ndi khungu lake. Ndinafunsa mtsikana wa msinkhu wanga kuti ana ali bwanji. Pofika Lachitatu ndinali nditaphunzira kulonjera popanda kuthamangitsa munthu, koma madzulo alionse bulauzi yanga inkakhala yonyowa kumsana ngati ndinali kotunga madzi. Lachitatu masana, nthawi imene inali ya malume pa mgwirizano uja, ndinawaona atasuzumira pakhomo la pakati, atavala malaya awo abwino. Anayang'ana kauntala, n'kubwerera ku simbi yawo.

Lachinayi bambo anapita kukagula mazipi, mayi ndi a Loya anali kutsogolo ndi mkwatibwi wina wovuta, ndipo ine ndinatumidwa kumbuyo kukatenga mapini. Malume anali akusita malaya oyera. Sankatsutsana nawo malayawo monga amachitira masiku onse. Anandikodola, anaimika simbi, n'kutenga kachoko pa zenera langa. Anakapaka pa chala, anatola batani lakuda m'botolo, analikanikiza, n'kundionetsa. Pabatanipo panali chidindo cha chala, chabuluu.

“Bambo ako amalemba ndi choko choyera. Mayi ako ndi chachikasu. Chabuluu m'shopu muno n'cha ndani?”

Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo, koma ndinakula, sindikwananso.

Anandiuza kuti anaona chidindocho Loweruka loyamba lomwe, ndipo n'chifukwa chake ankapukuta batani asanalionetse. Anati iwo maulendo onse atatu anaponya loyera, chifukwa pansi pa mtima amadziwa kuti mayi ananena zoona: iwo pa kauntala angathamangitse anthu kuposa ine. Ndinawafunsa monong'ona chifukwa chimene sanakanire mlanduwo. Anati koma wotsutsa akapatsidwa mbiri yaulere sakana. Zaka zonsezi akhala akukuwa popanda kuimitsa kanthu, ndiye mwadzidzidzi anthu akuwaopa, akanakana bwanji? Komanso ankadikira kuti mwina ndilankhula.

Kenako anakhala pa mpando wa khushoni uja n'kuusisita.

“Ukuuona mpandowu? Ndi wako. Lachitatu masana ndi lako, Lachisanu m'mawa ndi lako, ngakhale zilembo za inchesi ndi theka zija. Bambo ako akhala masabata atatu akunyengerera munthu wolakwika. Chitini chimadziwa kunena kuti ayi, mphwanga, koma sichidziwa kunena chifukwa chake. Ndiye munthu angamvane bwanji ndi chitini?”

Ndinati ndikuopa. Anati akudziwa. Ndinati bambo adzakhumudwa kuti mwana wawo wa mtendere ndi amene anagwetsa boma. Anati n'zotheka, koma bambo anga akhala zaka khumi ndi zisanu akufunafuna munthu woti amutsimikizire kuti kukambirana kumagwira ntchito, ndipo wotsutsa weniweni sanamupezepo. Iwo a Koma ndi phokoso chabe. Ndinawapempha kuti akanene ndi iwo m'malo mwanga. Anapukusa mutu.

“Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindinena. Voti ndi yachinsinsi.”

Anatenganso simbi. Ndinawafunsa kuti Lachisanu likadutsa apita kuti. Anati koma malo ndi ambiri, anthu onse amavala zovala. Ananena mosekerera, koma ndinaona kuti nsalu yatsopano ija anali ataichotsa kale pa tebulo, ataipinda bwinobwino makona anayi n'kuisiya pa shelefu ya bambo, ndipo ankasitira pa yakale yopserera. Ndani angalembe ntchito munthu wotsutsana ndi malaya? Ndinatenga mapini n'kubwerera kutsogolo. Mkwatibwi anandifunsa ngati diresi likumukhala, ine n'kuyankha kuti chilichonse.

Lachisanu m'mawa ndinafika ku shopu ndi bambo, ena asanabwere. Tsiku limeneli bambo amathira mafuta m'makina, ndipo amakonda kuchita zimenezi kuli bata. Anatsegula mazenera, anavula jekete, anakhala pa makina awo ndi kabotolo ka mafuta. Ine ndinasesa chipinda chakutsogolo. Ndinasesanso. Ndinakonza jekete la chidole, ndinachiuza mawu anga monong'ona kuti ndiyesere, ndipo chinawalandira bwino monga mwa nthawi zonse.

Panjira ndinali nditakonza chiganizo chachitali, chokhala ndi mawu a m'buku: ufulu, chikumbumtima, udindo wa nzika. Nditaima pakhomo la pakati chonsecho chinauluka. Ndinaona msana wa bambo, ndi kadazi kawo kamene amati kalibe, ndi simbi ya malume ili chiimire pa nsalu yopserera, ikudikira tsiku lake lomaliza.

Ndinakoka mpando wa khushoni, ndinavula nsapato, ndinakwera. Chitini chinali chitayamba kale kugwira fumbi. Nditatsika nacho bambo anali atatembenuka, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati chitinicho ndichibwezere, munalibe mabisiketi kuyambira ndisanabadwe. Sindinachibwezere. Ndinachiika pa tebulo lodulira, pamalo pake pa Loweruka. Kenako ndinapisa m'botolo, ndinasankha batani lakuda, ndinatenga choko changa, ndinapaka chala, n'kulikanikiza mpaka chidindo chinaoneka bwino. Ndinaliika pa makina awo, pafupi ndi singano.

Bambo analitola n'kuliyang'ana mbali zonse. Anafunsa ngati lathothoka pa chovala cha kasitomala.

Kunja ndinamva mawu a malume akubwera, akutsutsana ndi wogulitsa nyuzipepala za mutu wa nkhani. Manja ndinawabisa kumbuyo, kenako ndinawabweza kutsogolo kuti chala chabuluucho chioneke. Mawu anatuluka aang'ono, ngati ulusi wothera pa bobini, ndipo bambo anatchera khutu n'kunena kuti sanamve. Ndiye ndinakweza, mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo m'shopu imeneyi.

“Bambo, si malume. Si amayi. Batani lakuda lija ndinkaponya ndine, maulendo onse anayi. Pa kauntala sindikufunapo, ndipo ndikupempha kuti mutsegule Nyumba ndinene chifukwa chake.”